Buku Lokondedwa Silikhala ndi Chikuto

Kusukulu kumene ndimaphunzitsa kulibe laibulale yoti munthu n'kuitchula modzitama. Tili ndi kabati imodzi yachitsulo mu ofesi ya aphunzitsi, ndi makatoni angapo a mabuku amene anatipatsa anthu akufuna kwabwino. Kiyi wa kabatiyo amakhala ndi ine, ndiye ndine amene ndimalemba m'kope dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza. M'kabatimo muli mabuku amene akhalamo zaka zambiri koma akununkhirabe kusitolo, masamba ena akadali omatana. Muli enanso ochepa amene chikuto chinathothoka kalekale. Tinayamba kuwamata ndi selotepi, selotepi atakanika tinawasoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Ngodya za masamba zinapindika, apa pali dontho la kandulo, apo chidindo cha chala cha mafuta a mandasi. Mabuku ong'ambikawa ndiwo amene ana a Fomu 2 ndi Fomu 3 amakanganirana, ena mpaka kulembetseratu kuti mnzawo akangobweza atenge ndi iwo.

Munthu akhoza kuganiza kuti anawa amasankha aafupi, kapena a Chingerezi chosavuta. Ayi ndithu. Ena mwa ong'ambikawo ndi zimabuku zonenepa, Chingerezi chake chofuna dikishonale pambali. Ena ndi a Chichewa, ena analembedwa ku Nigeria, ena ku Ulaya. Chimene ndaona kuti onsewa akufanana n'chakuti salalikira. Wowerenga wa zaka 15 amamutenga kuti ndi munthu wodziwa kale zinthu, amene angathe kuona mnzake akulakwitsa n'kuweruza yekha mlanduwo, wolemba osamuuza chonena.

Tangoganizani tsiku la mtsikana wa Fomu 2. M'mawa asanachoke pakhomo mayi ake amuuza kuti asachedwe panjira. Pa asembule ahedi alankhula za mimba ndi chamba. Pakhoma la kalasi pali chikwangwani cha bungwe chomuuza kuti tsogolo lake lagona pa maphunziro. Lachitatu masana kuli kalabu, nakonso ndi malangizo okhaokha. Kumapeto kwa sabata kutchalitchi kapena kumzikiti akumudikira, ndipo patchuthi ndi nthawi ya anankungwi. Malangizowa ambiri ndi abwino, sindikuwanyoza, inenso ndimawapereka. Koma mwana amene wamva "usachite" kuyambira tambala woyamba, akatsegula buku madzulo n'kupeza kuti nalonso layamba kumuloza chala, amalitseka asanafike tsamba lachisanu. Ulaliki amaumva fungo uli patali. Zili ngati kwinini wobisa m'kati mwa nthochi: mwana akangoluma kamodzi wadziwa, ndipo mawa nthochi yomwe aikana.

Wina anena kuti nthano zathu zakhala za malangizo chiyambire, kuti agogo akati "Padangokhala" ife n'kuvomera "Tili tonse", kumapeto kunkakhala phunziro. N'zoona. Koma tinene chilungamo, kodi tinkachezera pamoto paja chifukwa cha phunzirolo? Tinkadikira Kalulu. Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime koma madzi n'kumamwa, wabodza, waulesi, wopusitsa Njovu ndi Fisi. Agogo ankadziwa kuti mwana amatsata wochenjera ndi wolakwa, ndiye Kalulu ankamupatsa mpata wokwanira kuti achite zake, ife tiseke, kenako timuchitire mantha Fulu akamugwira. Phunziro linkabwera m'chiganizo chimodzi, ena a ife titayamba kale kusinza.

Samuel Josia Nthara ankazidziwa zimenezi. Buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolembalemba m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Ana athu akhala akuliwerenga pokonzekera MSCE. Wolembayo anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndiye aliyense akhoza kuloseratu kumene nkhani ikulowera: mnyamata wosamva adzatembenuka mtima. Koma Nthara sanathamangire kumeneko. Anamusiya Nthondo abe, avute anthu, achoke kwawo kukasaka ntchito kunja, aone zokhoma. Ndikamaphunzitsa bukuli kalasi imadzuka pa masamba amenewa. Anyamata akumbuyo, amene tsiku lonse sumva mawu awo, amayamba kutsutsana kuti wolakwa ndi iyeyo kapena omulera. Tikafika pamene munthuyo wakhazikika, wasanduka wolemekezeka, maso amayamba kuyang'ana pazenera. Buku la zaka zoposa 90 likupumabe chifukwa cha mnyamata wovuta uja.

Vuto la buku la pa silabasi n'lakuti limabwera ndi funso kumbuyo kwake: "Mwaphunzirapo chiyani?" Ana anazolowera, amayankha moimba. Kuba n'koipa, tizimvera makolo, ulesi ulibe phindu. Mwana wochenjera amazindikira msanga kuti mayankho amenewa ali m'timabuku ta manotsi togulitsidwa pamsika, palibe chifukwa chowerengera nthano yonse. Mayeso akhoza, koma bukulo silinamukhudze pena paliponse. La m'kabati lija, limene palibe adzamufunse, ndi limene amagona nalo kumutu.

Nkhani imene imang'ambitsa mabuku kuposa zonse ndi chikondi, ndipo apa ndi pamene olemba athu ambiri amapunthwa. Mukudziwa kale mmene imayendera. Mtsikana wanzeru m'kalasi akumana ndi mnyamata, kapena bambo wagalimoto. Pamutu wachitatu ali ndi pakati. Wachinayi mwamuna wathawa. Wachisanu mtsikana ali gone kuchipatala, akulira kuti akanadziwa akanamvera mayi ake. Wolemba wamaliza ntchito, wasamba m'manja. Sindikunena kuti zimenezi sizichitika. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Koma atsikana a m'kalasi mwanga sasowa buku kuti liwauze zimenezo, desiki la mnzawo lili pomwepo lopanda munthu. Chimene akusowa, chimene palibe wamkulu amawauza, ndi zimene zinachitika pakati pa mutu woyamba ndi wachitatu paja.

Zinayamba bwanji? Anamva bwanji tsiku limene munthu anamuyang'ana koyamba n'kumufunsa maganizo ake, iye amene pakhomo amangotumidwa? Nanga sopo uja, mafuta odzola, foni ija, anazilandira chifukwa cha dyera kapena chifukwa ankachita manyazi ndi yunifolomu yong'ambika m'khwapa? Mnyamatayo anali chilombo, kapena nayenso anali mwana wamantha wosadziwa chochita? Mtsikana wina pobweza buku lotere anandifunsa kuti, "Sala, mtsikana wa m'bukumu analibe ngakhale mnzake mmodzi womuuza zakukhosi?" Anali ataona chimene wolemba anaiwala. Mtsikana weniweni amakhala ndi anzake ogona nawo mphasa imodzi m'kachipinda ka lendi kufupi ndi sukulu. Anzakewo amadziwa zonse. Wina amamulimbikitsa, wina amamuchitira nsanje, wina ndi amene amamuperekeza kukayezetsa. Wa m'buku uja anali yekhayekha chifukwa wolemba sankamufuna ngati munthu, ankangofuna chitsanzo.

Ndiponso moyo suthera pa mimba. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Ana athu akuwaona anzawo obwererawo. Amafika mochedwa chifukwa amayamba ayamwitsa, amakhala kumbuyo, anyamata amawaitana kuti "amayi" uku akutsinana. Ena amagonja pateremu yoyamba. Ena amakhoza kuposa onse owasekawo. Nkhani ili pamenepo, yaikulu, yowawa, pena yoseketsa. Koma buku limene lagamula kale kuti mtsikanayo alangidwe silingafike kumeneko. Limamuika m'manda, kapena kumusiya pamsewu akugulitsa tomato uku akugwetsa misozi.

Chikondi chimene chimawagwira mtima anawa nthawi zambiri n'chaching'ono zedi. Kalata yolemba usiku n'kuing'amba m'mawa. Kuchedwa dala pamjigo. Kumuona munthu akuseka ndi wina, iwe nsima n'kukukanika madzulo ake. Makolo a anawa akukumbukira mabuku a Pacesetters, amene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, olembedwa ndi anthu a mu Africa muno. Ankawabisa m'kati mwa buku la Biology nthawi ya sitade. Sanali mabuku akuya onse, ena anali opepuka kwabasi, koma anali ndi anyamata ndi atsikana akuda a ku Lagos ndi ku Nairobi okondana, okangana, othamangitsana ndi apolisi, ndipo nkhani inkathamanga. Amene ankawabisa aja ndi omwe lero akulanda mabuku ana awo.

Pafupi ndi chikondi pamakhala ndalama. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994, koma sukulu sinakhalepo yopanda mtengo: yunifolomu, makope, nsapato, lendi, ndalama ya ichi ndi icho. Mwana wa zaka 16 wakumudzi amadziwa mtengo wa ndowa ya chimanga mu Febuluwale ndi mtengo wake mu Meyi. Amadziwa kuti ganyu wa mizere ingati ndiye akwane kugula sopo. Akawerenga nthano imene mpangankhani wake akuti ndi wosauka, koma sawerengera ndalama, sakongola mchere, sabisa nsapato yobooka pansi pa desiki, amadziwa kuti wolembayo umphawi anangoumva kwa anthu. Buku likamuonetsa mnyamata ataima pagolosale akuwerenga makobili ndi zala m'thumba, osawatulutsa kuopa kuti mnzake aona kuti sakukwana, wowerenga uja amakhala tsonga. Wolemba wotere amamukhulupirira pa zina zonse zimene anene.

Izi sizikutanthauza kuti mabuku akunja sawafika pamtima. M'makatoni aja muli manovo a ku America ndi ku Britain, mmene ana ali ndi chipinda chawochawo, amamenyetsa chitseko n'kuwauza mayi awo kuti amadana nawo. Ana anga amaseka mpaka misozi. "Sala, kwathu tsiku limenelo ukagona kuti?" Komatu ena mwa mabuku omwewa ndi amene tawasoka ndi ulusi. Chipale chofewa, basi yachikasu ya sukulu, zonsezo amangodumpha. Amene amamutsata ndi mwana watsopano pasukulu uja, wopanda woima naye pa nthawi yopuma. Mwana amene wachoka kumudzi n'kukayamba Fomu 1 pakati pa ana a m'tauni olankhula Chingerezi cha m'mphuno, iye atanyamula makope m'jumbo, amamudziwa bwino lomwe mwana ameneyo, ngakhale dzina lake likhale lachizungu.

Pali chinthu china chimene mabuku athu amachiopa, ndicho wamkulu wolakwa. Timati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo nthawi zambiri amakomadi. Koma ana ambiri m'kalasi mwanga sakukulira m'manja mwa owabereka. Ali kwa amalume, kwa azakhali, kwa agogo, kwa mayi owapeza. Akukudziwa kukondera kwa tsiku ndi tsiku, kumene sikufika pabwalo la amfumu. Kudzutsidwa kukadali mdima ana a eni nyumba akuliza mkonono. Kupatsidwa khosi ndi mapazi tsiku la nkhuku. Kutumidwa kuchigayo m'mawa wa mayeso. Kutchedwa mlendo m'nyumba imene wakhalamo zaka zisanu. Ena anaona ndi maso awo abale a bambo awo akutulutsa mipando ndi wailesi anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, zimene lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaletsa koma sizinatheretu.

Mwana wotere alibe kokadandaula. Akatsegula pakamwa ndi wosayamika, akumbutsidwa kuti akusungidwa. Ndiye akapeza buku lonena poyera kuti amalume awa analakwa, osadzawayeretsa pamapeto, osawasandutsanso mfiti kuti kulakwako kumveke, amapumira m'mwamba. Mabuku abwino kwambiri amapitirira pamenepo. Amaonetsa kuti amalume omwewo ndi amene anagulitsa mbuzi kuti mwanayo alembe mayeso. Wankhanza ndi wachifundo, munthu mmodzi yemweyo. Mwana wa zaka 10 zimenezi sangazimeze, iye amafuna woipa apa, wabwino apo. Wa zaka 15 wayamba kuziona pakhomo pawo ndipo zikumuzunguza mutu. Wangozindikira kumene kuti bambo ake amanama, kuti abusa ena amakondera, kuti mphunzitsi amene amamukonda amamwa mowa mpaka kugwa m'ngalande, ndipo sakudziwa ngati aziwalemekezabe. Buku lolimba mtima kulowa m'chisokonezo chimenechi limamuthandiza kuposa lomubisira.

Apa ndi pamene nthano yaitali imaposa filimu ndi sewero la pa wailesi. Mwana wa kwathu kuno akaitanidwa amagwada, amayang'ana pansi, amavomera. Kamera ikajambula imaona mwana waulemu, basi. Buku limatha kulowa m'kati n'kutimvetsa zimene akuyankha mumtima pamene pakamwa pakuti, "Chabwino amalume, ndamva." Achinyamata athu amakhala moyo wapawiri umenewu tsiku lililonse, n'chifukwa chake amakonda nthano yosimbidwa ndi mwini wake, yoti wowerenga amve zonse zimene akuluakulu a m'nkhaniyo sakumva. Ndipo khutu lawo n'lakuthwa. Mpangankhani wa Fomu 3 akayamba kuponya miyambi itatu m'chiganizo chimodzi, amati uyu si mnzathu, ndi nduna ya amfumu. Wolemba wachikulire akati abwereke Chichewa cha pa depoti amamusekanso koposa, chifukwa mawu amene anawatola chaka chatha anatha kale fasho. Mawu a makono alibe ntchito kwenikweni. Wolemba adziwe zimene mwana anganene pamaso pa bambo ake, zimene anganene kwa mnzake, ndi zimene sanganene konse.

Adziwenso kuseketsa. Olemba ena amaganiza kuti nkhani ikakhala ya umasiye kapena njala, nthabwala ndi mwano. Koma pitani mukaime panja pa kalasi imene theka la ana labwera osadya. Phokoso la kuseka lili thoo. Amanyozana nsapato, amatsanzira mayendedwe a aphunzitsi, aliyense ali ndi dzina lomunyodolera. Buku la mavuto lopanda nthabwala ndi imodzi yomwe amaliona kuti n'labodza, chifukwa iwo mavuto omwewo amawasenza akuseka.

Anyamata amabwera kukabati kuja mozemba, manja m'thumba. Amafunsa za apolisi ndi mbava, za nkhondo, za mpira. Buku lachikondi amati n'la atsikana, kenako umaliona lili m'chikwama mwawo, abwereka kudzera mwa mlongo wawo. Koma mukamvetsera zimene amakambirana akamaliza, zipolopolo sazitchula kwambiri. Amakamba za mnzako amene wakupereka, ndi za bambo. Dziko lino lakhala likutumiza abambo kunja kwa zaka zoposa 100, ku Halale, ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa maulendowa kwa kanthawi. Lero Wenela ndi dzina la depoti ku Blantyre, koma mabasi a ku Johannesburg akunyamukabe, ndipo m'maboma monga Mangochi ndi Mzimba muli ana ambiri amene bambo awo amawadziwira pa WhatsApp. Mnyamata wa Fomu 3 ali pakatikati. Akuwakwiyira bambo amene anapita, uku nayenso akuwerengera zaka kuti apeze pasipoti. Nthano ya munthu wochoka kwawo imamukoka pawiri. Amafuna aone ngati wopitayo anabwerako, ndipo ngati anabwerako, anali munthu wotani.

M'buku lina la m'kabatimo muli tsamba limene mayi a mpangankhani amwalira, ndipo mwanayo m'malo molira akudandaula mumtima kuti anthu obwera pamaliro akumaliza shuga wa m'nyumba. M'mphepete mwa tsambalo wina analemba ndi pensulo, timalemba ting'onoting'ono, "ngati kwathu". Pansi pake wina wa bolopeni yofiira anawonjezera, "inenso". Lamulo lathu limati osalemba m'mabuku, koma pamenepa ndinapasiya. Pamaliro mwana amauzidwa kuti alimbe mtima, asamale ang'ono ake. Palibe womuuza kuti n'zotheka kumukwiyira womwalirayo, kapena kumva njala ena akulira. Buku limanena, ndipo limanena popanda womuyang'ana nkhope. M'nyumba ya zipinda ziwiri yogonamo anthu asanu ndi atatu, mwana amakhala payekha pokhapokha akaweramira buku.

Ndimaganiziranso ana amene anabadwa ndi HIV. Chiyambireni kuperekedwa ma ARV aulere m'zipatala za boma mu 2004, ambiri akula, ali m'makalasi mwathu, ena akumwa mankhwala mobisa kuti anzawo asamve kulira kwa botolo m'chikwama. Mabuku ambiri a za Edzi amene tili nawo analembedwa nthawi ya maliro a tsiku ndi tsiku, ndipo cholinga chake chinali kuopseza: wodwala ndi amene anachita chiwerewere, mathero ake ndi bokosi. Mwana amene sanalakwe kalikonse, wathanzi lake, amene funso lake ndi lakuti adzamuuza liti komanso motani mtsikana amene wamukonda, m'makatoni aja mulibe buku lake.

Za mathero ndinene mwachidule. Achinyamata sakakamira kuti zonse zithe bwino, ndipo mathero owawa amawapirira kuposa akuluakulu ambiri. Chimene sakhululuka ndi chinyengo. Mwana wavutika masamba 150, kenako patsamba lomaliza patulukira mzungu wa bungwe, kapena amalume olemera a ku UK amene sanatchulidwepo chiyambire. Kapena woipa uja wagundidwa ndi galimoto, chabe chifukwa wolemba watopa naye. Amabweza bukulo n'kuti, "Awa anatinamiza." Akudziwa kuti kwawo kulibe amalume a ku UK.

Akuluakulu timakonda kudandaula kuti ana a masiku ano sawerenga, foni inawawononga. Tasuzumirani m'fonimo. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muli nkhani zotsatizana za m'Chichewa, gawo ili lero, linalo mawa, miyezi n'kumatha, ndipo ana amasonkherana ya bandulo kuti awerengere pafoni ya mmodzi. Zambiri n'zolemba mothamanga, zodzaza ndi asing'anga, mabwana onyenga antchito, ana osinthidwa kuchipatala. Kalembedwe kake mphunzitsi wa Chichewa akhoza kudwala nako mutu, ndipo zina sindingafune kuti mwana wa Fomu 1 aziwerenge. Koma olembawo amadziwa kulekezera nkhani pamene mtima uli m'mwamba. Amadziwanso kuti wowerenga wawo ali ndi mphindi zochepa pakati pa kutsuka mbale ndi kutha kwa batire, ndiye sataya nthawi ndi kufotokoza kutuluka kwa dzuwa. Gawo likazizira, owerenga amawauza tsiku lomwelo mosapsatira.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Koma lowani m'sitolo ya mabuku mufunse nthano yaitali yatsopano ya m'Chichewa yolembera achinyamata. Akulozerani mabuku a pa silabasi. Osindikiza sindikuwada, pepala n'lodula, ndipo buku limene sukulu sizigula limakhala pa shelefu mpaka kuchita fumbi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 a Popular Publications ku Limbe ankatulutsa timabuku ta olemba a konkuno, ta Chichewa ndi ta Chingerezi, toti munthu wamba n'kugula. Lero wolemba nthawi zambiri amapisa m'thumba mwake kuti asindikize, ndiye kuti ndalama zibwerere amaloza ku silabasi kapena kwa bungwe lothandiza, ndipo onse awiriwa amafuna uthenga. Ulaliki uja gwero lake ndi limeneli. Wolipira ndi wamkulu, wosankha ndi wamkulu, ndiye buku limalembedwa kuti likondweretse wamkulu. Mwana amangolipeza lili m'kabati.

Anawo sakudikira ife. M'Fomu 3 muli mtsikana wina amene akulemba nthano yake m'kope la hadikava, ndipo kopelo limayenda pansi pa madesiki nthawi ya masamu. Mphunzitsi mnzanga atalilanda anabwera nalo ku ofesi kuti tione ngati muli zolaula. Ndi nkhani ya mtsikana wokhala kwa azakhali ake ku Ndirande, amene watulukira kuti ndalama zimene bambo ake amatumiza kuchokera ku Joni azakhaliwo akumangira nyumba yawo. Chibwenzi chake ndi mnyamata wa kabaza, ndipo mtsikanayo wawapisa kale azakhaliwo m'chikwama kawiri, wolemba osamudzudzula ngakhale pang'ono. Zilembo zazikulu zili paliponse pamene zafuna, ndime palibe. Mnzangayo anawerenga mpaka belu linalira, n'kundifunsa ngati pali kope lachiwiri. Mwini wake atabwera kudzapepesa, atagwada pakhomo, mnzangayo anamufunsa yekha. Anati, "Lilipo madamu, koma lili ndi a Fomu 4, abweza Lolemba."